Funso la mapointi limabisa zambiri

MANEB ikatulutsa zotsatira za MSCE, m'makomo ambiri funso limakhala limodzi: wapeza mapointi angati? Funso limeneli limabisa zambiri. Kuti mwana apikisane nawo malo ku yunivesite za boma kudzera ku NCHE, pamafunika makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi. Choncho mwana amene wakhoza bwino masamu ndi sayansi koma wapeza 7 pa Chingerezi si mbuli ayi; chamutsekereza ndi phunziro limodzi, ndipo angathe kulembanso. Kholo lokhala naye pansi n'kuyang'ana phunziro lililonse palokha limaona zimenezi, pomwe lokalipa limangoona kuti mwana wa aneba wasankhidwa.

Ena amati kumufewera mwana wolephera n'kulimbikitsa ulesi. Nkhawayo ndi yomveka, pakuti fizi inapezeka movutikira, mwina mbuzi zinagulitsidwa. Koma malo ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST ndi ochepa, moti ngakhale ena okhoza bwino amatsala, ndipo kumunyoza mwana sikuwonjezera malowo. Mphamvu zokalipirazo zikanapita pofufuza naye za makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa kapena Namitete, kapena posaka ndalama yoti akabwereze Fomu 4 zimene anaphunzira zisanazilale m'mutu.