Timizere ta pa mphanda ya ababa

Pabenchi yanga ku Mponela ndimagulitsa tomato ndi anyezi, koma pakona pamalendewera mphira za legeni zomwe ndimadula ku machubu akale. Kuyambira Febuluwale mpaka Epulo mphirazi zimayenda kuposa tomato. Ogula ambiri si ana ayi, ndi azibambo a minda ya m'mphepete mwa mapiri, kumene apusi ndi anyani amatsika ngati ochita kuitanidwa.

Ababa anga, kwathu ku Ntchisi kufupi ndi nkhalango, ndi mmodzi mwa azibambo oterowo. Legeni yawo ndi ya mphanda ya gwafa, yakuda bii ndi thukuta. Pa nthambi yakumanja anasemapo timizere tiwiri ndi mpeni. Pusi akakhala pafupi amamuika pansonga. Akatalikira amakweza dzanja mpaka pusiyo afike pa kamzere koyamba, akatalikirabe, kachiwiri. Mwala umatopa panjira, amatero, ndiye uziuponya pamwamba pa chimene ukufuna.

Mwezi watha achimwene, amene amagwira ntchito pa famu ya nyama ku Limpopo, anatumiza chithunzi pa WhatsApp. Anajambula m'kati mwa galasi loonera patali lija amamangirira pamfuti. Muli mtanda, ndipo kunsi kwake timadontho tandondozana. Akuti nacho chipolopolo sichiyenda chowongoka, chimanka chitsika. Mfuti akaichuna pa mamita 100, chinthu cha pa mamita 300 amachiika pa kadontho kam'munsi. Ndinaseka ndekha pamsika. Si za ababa zomwezi?

Akutinso eni mfutiwo amakangana posankha. Osaka amakonda mtanda wokhuthala wopanda zambiri, chifukwa nyama zimatuluka chisisira, pamene timizere topyapyala sitioneka. Olasa zikwangwani zakutali amafuna timizere tambirimbiri, tina ta m'mbali towerengera mphepo.

Nditapita kumudzi ndinawapatsa foni ababa kuti aone. Anaibweretsa pafupi ndi mphuno, anaitalikitsa, anaipendeketsa.

"Mwanawe, ndikungoona kuwala."

Amayi ndiwo anaulula madzulo tikutsuka mbale. Chaka chino apusi adya mizere yonse yakumtunda ababa ali pomwepo pamsasa. Amangoponya kumene kwachita tswatswa. M'maso monse muwiri mwayera ng'ala, ndipo anawaletsa amayi kutiuza, ati ana ali ndi mavuto awo. Ine miyezi yonseyi ndimawatumizira mphira pa kabaza n'kumadzitama kuti ndikuthandiza kumunda. Zimandiwawabe.

Usiku umenewo ndinawafotokozera chithunzicho ndi pakamwa, kadontho ndi kadontho. Anamvetsera chete, chala chikusisita timizere tawo. Kenako anafunsa kuti timadonthoto ndi tingati. Nditati ndawerenga tinayi, anapukusa mutu.

"Tiwiri n'tokwana. Kachitatu n'ka munthu waulesi woyandikira."

Mwina akulakwa, mfuti si legeni, koma sindinawatsutse.

Ku chipatala cha Nkhoma amachotsa ng'ala. Ndawerengetsa thiransipoti ya anthu awiri ndi chakudya, ikudya pafupifupi theka la mpamba wanga, ndiye mwezi uno anyezi sindipikula. Ababa anayamba akana, ati chimanga asiyira ndani. Tagwirizana kuti mwana wanga woyamba akalondere kumapeto kwa sabata, masiku enawo amayi. Mphanda amubwereka, koma atamulumbiritsa kuti asasemepo kanthu.

Tinyamuka Lolemba m'mamawa.