Kale tinkagula gitala ndi khutu, lero tikugula ndi maso

Kalekale mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Chileka sankasankha gitala yamagetsi. Ankayamba ndi banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga, ndipo akalota kwambiri ankalota gitala ya bokosi ngati ija amalume ankabwera nayo kuchokera ku Joni masiku a Wenela. Daniel Kachamba anakafika mpaka ku Ulaya ndi gitala yopanda magetsi, Allan Namoko naye anavinitsa dziko lonse ndi banjo. Yamagetsi inali ndi eni ake: MBC Band, mabandi a apolisi ndi asilikali, mahotela, kapena parishi ngati ya Balaka komwe Alleluya Band inabadwira mu 1978. Dansi ikatha zida zinkatsekeredwa m'chipinda, ndipo woimba akayambana ndi mwini bandi ankachoka chimanjamanja. Khosi la gitala likhale lonenepa kapena lopindika, zala zako ndizo zinkazolowera.

Mwa apo ndi apo ndithu inkapezeka yogulitsa, bandi ikatha kapena mwini wake akapanikizika ndi fizi ya ana. Mbiri inkayenda pakamwa. Wogula sankapita yekha, ankatenga mkulu wodziwa lidi, ndipo mkuluyo sankafunsa mtengo msanga. Ankayamba waitembenuza, n'kutsinzina diso limodzi kuyang'ana khosi kuchokera kumutu mpaka kumimba ngati lawongoka. Kenako ankailiza isanalumikizidwe ku ampu, nsambo imodziimodzi, fureti iliyonse, khutu lili pafupi ndi thabwa. Dzuwa linkapendeka anthu akadali pakhonde. Wogulitsa ankatopa, koma gitala yogulidwa motero inkakalamba ndi mwini wake.

Lero magitala ogwiritsidwa kale ntchito ali mbwee. Amabwera m'makontena pamodzi ndi mafiriji ndi njinga za kaunjika, ena amakwera basi kuchokera ku Johannesburg, ena amatumizidwa ndi abale a ku UK. Pa Facebook ndi pa WhatsApp zithunzi zimangodutsa: Squier, Epiphone, Ibanez, Yamaha Pacifica. Mwana wa kwaya akhoza kukhala ndi yakeyake, chinthu chimene akatswiri ambiri akale anamwalira asanachione. Izi n'zabwino, ndipo sindikufuna kubwerera kumasiku a chipinda chokiyidwa chija. Chimene chikundidandaulitsa n'chakuti mwayi wosankha wabwera, koma luso losankhira latsalira m'mbuyo. Munthu akuona chithunzi chonyezimira, akuwerenga dzina lolembedwa kumutu kwa gitala, akutumiza ndalama pa foni. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Dzinalo ngakhale mwana akhoza kumata, ndipo ma Gibson ndi ma Fender achinyengo alipo ambiri.

Ngakhale itakhala yeniyeni, funso ndi lakuti inuyo mumaimba chiyani. Fender Stratocaster, yomwe inatuluka mu 1954, ili ndi mapikapu atatu a koyilo imodzi. Mawu ake ndi owala, akuthwa, aja amadumpha pamwamba pa ng'oma mu rumba, mu sungura ndi m'nyimbo zambiri zauzimu za kuno. Vuto lake amatola phokoso la magetsi, ndipo m'tchalitchi momwe mawaya anangolumikizidwa mwachisawawa mumamva kung'ung'uza nyimbo isanayambe. Gibson Les Paul ya 1952 inadzapatsidwa mu 1957 mapikapu a makoyilo awiri omwe amapha phokosolo. Mawu ake ndi onenepa, okoma pa jazi ndi rock, koma gitalayo imalemera makilogalamu anayi kapena kuposa, ndipo woimba pa ukwati kuyambira masana mpaka usiku phewa limamuuza. Nsambo za Stratocaster zimayenda mainchesi 25.5 pomwe za Les Paul ndi 24.75, choncho pa Les Paul mafureti amayandikana pang'ono ndipo nsambo zimafewerako. Wa zala zazifupi amamva kusiyanako nthawi yomweyo. Pa chithunzi sikuoneka.

Ndipotu Squier ndi ya Fender yomweyo, Epiphone ndi ya Gibson kuyambira 1957. Yosamalidwa bwino mwa izi imaposa kutali gitala ya dzina lalikulu yomwe yagona m'chinyezi.

Zimene ankachita mkulu uja sizinathe ntchito. Utoto wokalika usakuopseni, suimba. Nsambo zadzimbiri n'zosintha. Kabatani ka volumu kakamakhwekhwereza, kapena polowetsa chingwe pakamagwedera, wokonza mawailesi aliyense amathana nazo. Koma khosi lopotoka silichira. Lopindika pang'ono limawongoledwa ndi chitsulo chimene chili m'kati mwake, chomwe kawirikawiri chimamangidwa ndi kasipanala ka Allen, ndiye pemphani wogulitsa achitembenuze pang'ono inu mukuona. Ngati chinafa kapena mutu wake unadyeka, bwezani gitalayo. Yang'anani mafureti oyambirira, pomwe zala zimakhalitsa: ngati nsambo zinakumbapo tizigwa, dziwani kuti odziwa kuika atsopano kuno ndi owerengeka. Lizani nsambo yosagwira, kenako muigwire pa fureti ya 12; liwu liyenera kukhala lomwelo koma lokwera. Onaninso kuseri kwa mutu ngati panathyokapo n'kumatidwa, nthenda yodziwika ya magitala a mtundu wa Les Paul. Akakuwonjezerani ampu, werengani kumbuyo kwake, chifukwa ya ku America ya mavoti 120 ikalawa magetsi athu a 230 imangofuka utsi.

Wogulitsa wina amati muyesere pa ampu yake, atakweza zokometsera mawu zonse. Muuzeni azimitse, muimve gitalayo ili yokha. Muimirire nayo, lamba ali paphewa, muimbe nyimbo imene mumaimba Lamlungu lililonse kapena kumalo komwe mumapezera ya ndiwo. Akakana kuti muigwire musanalipire, musakangane naye, magitala masiku ano sakusowa. Ndipo ngati khutu lanu likadali lanthete, akuluakulu amene ankaliza lidi m'mabandi a m'ma 1980 ena akadalipo m'makwalalamu. Mulipirireni mmodzi minibasi, mupite naye.