Kachipangizo Kadandinamiza M'balani

Chaka chatha mwana wanga adandigulira kachipangizo kopimira kutentha, kongoloza ngati mfuti osakhudza chinthu. Ndidakaloza pa paipi yatsopano yonyezimira ya m'balani, ndipo kadati moto ngwochepa. Ndidasonkheza nkhuni, fodya wanga nkuuma akadali wobiriwira. Ndidadya phula chifukwa chosafunsa.

Alangizi adandiuza kuti nambala ya 0.95 imene kachipangizoka kamadza nayo iyenera masamba, njerwa ndi mitengo, koma chitsulo chonyezimira chimabisa kutentha kwake. Tsopano ndimayamba ndapaka mwaye pamene ndifuna kupimapo, kapena ndimatsitsa nambalayo. Ndimaonanso kuti chilembo chili pa C, osati pa F.

Alimi anzanga, fodya akamasanduka chikasu, lozani patsamba penipeni, ndipo pasapitirire madigiri 40.