Kalata kwa Mphwanga wa ku Nathenje

Mitundu,
Lilongwe.

Mphwanga wokondedwa,

Kuno tadzuka, kungoti maondo ayamba kundiwerengera zaka, ndipo mlandu wa dimba la kudambo uja udakali pomwe udausiya. Koma si umenewo wandigwiritsa cholembera lero.

Mayi ako aang'ono, pobwerera ku sadaka ija, adandipatulira kuseri kwa nkhokwe nandiuza mau amene andisowetsa tulo, ndipo ngakhale ndidziwa kuti kandimverere adakanena za m'maluwa, mwini mbumba sangamve utsi kunyumba kwa mphwake iye nkupitiriza kusewera bawo. Akuti foni yako yamakono ija, imene umalandirirapo ndalama za mtedza ndi soya, umaisiya pakagolosale kochajitsira mafoni usiku wonse ili yosakiya. Akuti nambala yako yachinsinsi ya Mpamba ndi ya Airtel Money ndi imodzi, ndiyo chaka chimene udabadwa, chodziwika kwa aliyense amene adavina pachinkhoswe chako. Ndiponso akuti chithunzi cha chitupa chako cha unzika, kumaso ndi kumbuyo komwe, udachitumiza pa WhatsApp kwa munthu amene sunamuonepo nkhope, chifukwa chakuti adakulonjeza ntchito ku Kanengo. Ngati zonsezi nzabodza, undikhululukire ndine nkhalamba. Ngati nzoona, khala pansi uwerenge mpaka kumapeto.

Ndalama zikatayika munthu amalima chaka china napeza zina, chotero za ndalama zako sindidandaula kwenikweni. Chimene chandigwira pakhosi nchakuti tsiku lina munthu wachilendo adzalankhula ndi mayi ako m'dzina lako, iwo nadzamukhulupirira.

Nkhani iyi sindinakuuzepo, pakuti imandichititsa manyazi. M'chaka cha 1973, kutatsala chaka chimodzi kuti ndege ija ya anthu a Wenela igwe ku Francistown ndi kuti Kamuzu atseke ulendo wa kumigodi, agogo ako aamuna adali ku Joni, ndipo pakhomo pathu wodziwa kuwerenga ndidali ine ndekha, mnyamata wa zaka 16 wodzimva kuti sukulu yonse yathera mwa iye. Makalata awo ankafikira pasitolo ina kuno ku Mitundu, ndipo ine, m'malo mopita nawo kwa amayi ali omata, ndinkawang'amba pakhonde la sitoloyo nkumawerenga mokweza, kuti anthu ogula mchere ndi palafini aone kuti mwana wa uje ndi wophunzira. M'makalatamo mudali zonse za m'nyumba mwathu: kudwala kwa mayi ako, amene nthawiyo adali kamwana koyamba kumene kuyenda, njinga ndi makina osokera zimene atate ankati adzatumiza, ndi ndalama za fodya zimene amayi ankasunga kuti tigule malata.

Tsiku lina dzuwa litapendeka kudafika mlendo wovala suti ndi chipewa, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi mau a kumigodi, amene adagwada bwino lomwe, nalonjera amayi ndi chiwongo chao, nafunsa za mwana wodwala uja pomutchula dzina. Adati iye ndi atate amagona chipinda chimodzi ku Joni, ndipo njinga ndi makina zafika ku Lilongwe, koma zikafuna K14 kuti ziomboledwe mawa lomwe, kupanda kutero zibwerera. Amayi adamuphera nkhuku. Usiku umenewo adafukula kachitini kao pansi pa mphasa namuwerengera ndalamazo m'manja, ndipo m'mawa mwake ndine ndidamunyamulira chikwama mpaka kumseu, phiri la Bunda likutiyang'ana, ine ndikumufunsa za nyumba zosanja za ku Johannesburg. Sitidamuonenso. Atate pobwera adati munthu wotere sadamudziwepo chibadwire. Ndipo patapita nthawi wina adandikumbutsa kuti masiku amene ndinkawerenga makalata pakhonde paja, padali bambo wina amene ankakhala chapafupi, akumata chubu cha njinga chosatha kumatika. Tidagona m'nyumba yodontha madzinja atatu ena. Amayi sadandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo kukhala chete kwaoko kukundipwetekabe lero, iwo atagona kumanda zaka zambiri.

Munthu uja sadathyole chitseko, ndipo sadagwire mpeni. Adabwera monga Yakobo kwa Isake wakhungu, atavala zikopa kuti aoneke ngati mwini wake, ndipo zikopazo ndidamusokera ndine. Tsono taona, mphwanga: mdzukulu wa munthu ameneyo lero safuna suti kapena ulendo wapansi, pakuti makalata onse a banja lathu, maina a abale, zithunzi, ngongole ndi kachitini ka ndalama komwe, zonse zili m'kanthu kamene iwe umakasiya pagolosale usiku. Apolisi ndi anyuzipepala akhala akunena kuti ambiri mwa mauthenga achinyengo aja amachokera m'ndende, makamaka ya ku Zomba. Ndiye kuti munthu wotsekeredwa m'chitolokosi angathe kulowa m'thumba la mayi ako ali kumunda.

Ukumbukire kuti kuyambira 2018, pamene bungwe la MACRA lidalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe ndi chitupa, layini ya foni idasanduka chidindo cha chala chako. Wokhala ndi chithunzi cha chitupa chako angayese kulembetsa simu m'dzina lako nkumabera nayo anthu, apolisi nadzagogoda kwa iwe. Angayesenso kunamizira kuti simu yako yatayika kuti apatsidwe ina ya nambala yomweyo, ndipo akatero mauthenga ako onse ndi ndalama zako zidzatsata iye. Chimodzimodzi manambala asanu ndi imodzi aja amene WhatsApp imatumiza: wina akakuimbira kuti adalowa kwa iwe molakwika, umuwerengere, dziwa kuti akupempha kiyi wa nyumba yako, ndipo ukampatsa, madzulo omwewo abale onse adzalandira uthenga wochokera kwa iwe wakuti wagonekedwa kuchipatala, atumize ndalama pa nambala yakutiyakuti. Kodi mlongo wanga, amene amanjenjemera ukangotsokomola, adzayamba wafunsa kaye? Adzagulitsa mbuzi tsiku lomwelo. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu.

Chifukwa chake pano sindikupempha, ndikulamula monga malume ako. Dzuwa la tsiku limene ulandire kalatayi lisalowe usanasinthe nambala zachinsinsi zija. Ya Mpamba ikhale ina, ya Airtel Money ina, ndipo isakhale chaka chobadwa, kapena 1234, kapena mathero a nambala ya foni yako. Foniyo uikiye, ndi simu yomwe uiikire nambala yake, pakuti wakuba wochenjera salimbana ndi foni yokiya, amangosolola simu nkuiika m'kafoni kake ka mabatani. Za kuchajitsa pagolosale zithe. Munthu wogulitsa matumba a soya sangalephere kugula kasola kakang'ono. Ukapita kwa ejenti, nambala yachinsinsi ulembe wekha utaphimba ndi dzanja, ngakhale ejentiyo akhale mnzako wa kumpingo, ndipo wina aliyense woimba foni nkumati ndi wa kukampani, akufuna nambalayo kuti akukonzere akaunti, umudulire osatsazika, chifukwa wogwira ntchito weniweni saifunsa. Uthenga ukabwera wakuti wina wakutumizira ndalama molakwika, ubweze, usathamange ndi chifundo chako chija. Yamba waona wekha pa *211# kapena *444# ngati zalowadi.

Zina nzazing'ono, koma chiswe chimagwetsa nkhokwe. Timauthenga tolonjeza bandulo yaulere, feteleza wotsika mtengo kapena dzina lako pa Mtukula Pakhomo ukangodina apa, utisiye tidutse. Za Mtukula Pakhomo zimayamba ndi kalembera pamudzi, anthu akuona. Zoika m'foni uzitenga ku Play Store, osati zopatsana ndi anyamata a pasiteji, ndipo uchenjere ndi akatapila a pafoni amene asanakukongoze amafuna kuona maina onse a m'foni mwako, kuti ukachedwa kubweza adzachititse manyazi mbumba yonse. Foni ikaonongeka, uchotse simu ndi memori kadi usanaisiye kwa wokonza. Ukafuna kuigulitsa, ufufute zonse. Hezekiya adaonetsa alendo a ku Babulo chuma chonse cha m'nyumba mwake, ndipo ukudziwa kumene chidathera. Nawenso leka kujambulitsa mitolo ya ndalama nkumaika pa Facebook.

Malamulo alipo ndithu, lija la 2016 lokhudza milandu ya pa intaneti ndi la 2024 loteteza mbiri ya munthu, ndipo foni ikabedwa, kapena layini ikangofa mwadzidzidzi pamene za anzako zikugwira, upite tsiku lomwelo ndi chitupa chako kukampani kukaitseketsa, ndi kupolisi kukanena. Za munthu wa ku Kanengo ujanso ukanene, usachite manyazi. Koma usanakwere njinga kupita konseko, uyambe wadziwitsa mayi ako, pakuti lamulo limafika ngati wolira maliro, mbuzi itagulitsidwa kale.

Usaganize kuti ndine mdani wa zinthu zamakono, mwana wa mlongo wanga. Pamene akumpanda ankadwala chaka chatha, ndalama zako zidandipeza ndili pamzere wa mankhwala, ndipo ndidayamika Mulungu chifukwa cha kafoni komweka ndi chifukwa cha iwe, amene sunatitaye. Ndakalipa chifukwa ndakuona utaima pakhonde lomwe lija ndidaimapo ine, ukuwerenga mokweza.

Tsiku la msika likudzali ubwere, tikakhale pansi ndi mayi ako, mupangane liu limodzi lodziwa inu awiri nokha, loti wina akapempha ndalama m'dzina lako ayambe walitchula. Ubwerenso ndi nzeru zako undikonzere yangayi, pakuti, kunena zoona, nambala yanga yachinsinsi ndidailemba mkati mwa chikuto cha buku la nyimbo, ndipo bukulo limabwerekedwa Sabata iliyonse.

Ine malume ako.