Mvuu yabala imene inatichotsa kudimba

Kwa ife a m'mbali mwa Shire, kuno kwa Kalembo m'boma la Balaka, mvuu si yachilendo. Imatuluka usiku, n'kudya chimanga cha kudimba, n'kubwerera m'madzi kusanache. Ukasonkha moto ndi kuimba zitini, kawirikawiri imakulambalala. Koma imene inatisautsa ife chaka chija inali ndi bala.

Munthu wina wa kumtunda anaiwombera ndi gogodela, mfuti zosula kumudzi zija zimene amathiramo onga ndi tizitsulo. Chikopa cha mvuu m'malo ena chimakhuthala masentimita 5, ndipo yamphongo imapitirira makilogalamu 1,500. Tizitsulo tija tinangoima paphewa, bala n'kuyamba kuwola. Kuchokera pamenepo nyama ija inasintha mtima. Inayamba kubisala m'bango dzuwa likuswa mtengo, n'kumathamangitsa aliyense wofika kumadzi. Mlamu wanga inamugubuduzira bwato akukoka ukonde, n'kumuthyola mwendo. Anapulumuka chifukwa anzake anali pafupi, apo ayi tikanalira maliro.

Tinalithawa dimba chimanga chikumasula. Ndicho chinali chakudya chathu chotifikitsa ku dzinja, ndiponso fizi ya mwana wanga wamkazi. Mayi a kunyumba anayamba kuyenda maganyu, ine ndikupezeka kuchipatala ndi mlamu. Usiku tulo sitinkabwera, ndinkangopemphera kuti ana asatsetserekere kumtsinje ife kulibe. Anyamata a m'mudzi anapsa mtima, nati abwereke gogodela ina akamalize okha. Amfumu anakana kwamtuwagalu. Anati, "Ana inu, mfuti yomweyo ndi imene yatibweretsera zonsezi. Mukufuna ndiike angati m'manda?" Anawakumbutsanso kuti chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, chilango chopha nyama zotetezedwa chimatha kufika zaka 30 m'ndende. Iwo eni ananyamuka kukanena kwa a gemu a ku Liwonde National Park, paki imene kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi boma.

Amene anatsogolera a gemu anali bambo wa imvi, wosachedwa kumwetulira koma wosafulumira pa ntchito. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, mfuti si mfuti basi? Yanuyi yasiyana pati ndi imene inalephera?" Anatulutsa zipolopolo ziwiri m'thumba n'kuziika pachikhatho changa. China chinali ndi mtovu woonekera kunsonga. Anati chimenecho n'chofewa: chikalowa m'thupi chimaphwatalala ngati bowa, n'kuwononga mtima ndi mapapo, nyama n'kufa msanga. N'choyenera nyama za chikopa chopyapyala, monga nswala kapena nguluwe, pa mtunda wa mamita 100 kapena 200, ndipo mfuti za .308 Winchester ndi .30-06 zimakwana pa ntchito imeneyo. Koma ukachiloza pa chigaza cha mvuu chikhoza kuphwanyikira pa fupa osafika ku ubongo.

Chinacho chinali cholimba mpaka kunsonga. Chimenecho sichisintha maonekedwe, chimaboola fupa n'kupitirira molunjika. Mfuti yawo inali .375 H&H, mtundu umene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912, ndipo chipolopolo chake chimalemera pafupifupi magalamu 19. Anati maiko angapo a mu Africa salola kusaka njovu, njati kapena mvuu ndi mfuti yochepera pamenepo. Chimene chinandikhudza n'chakuti sankanyadira kukula kwa mfutiyo. Ankabwereza kuti ubongo wa mvuu ndi waung'ono poyerekeza ndi mutu wake, choncho munthu wosadziwa pamene uli, ngakhale atanyamula mfuti yotani, angowonjezera bala lina.

Sanawombere tsiku lomwelo, ndipo ena m'mudzi anayamba kung'ung'udza. Iwo ankafuna atsimikize kaye kuti ndi iti mwa mvuu za pa dziwe lija, kuti asaphe yosalakwa. Anakananso kuwombera ali patali. Chipolopolo chikamenya madzi mopendekeka chimanjanja n'kulowera kwina, pamene kutsidya kunali asodzi. Anasankha malo pagombe lokwera kuti mfuti iloze pansi, anatiuza tonse tibwerere kumudzi, iwo n'kudikira. M'mawa wina tinamva kulira kwa mfuti kamodzi kokha. Mvuu inamira, ndipo patapita maola angapo inayandama, monga anali atatiuzira.

Poisenda ndinaona ndi maso anga. Paphewa panali mafinya odzaza chidebe, ndipo m'katimo munatuluka tizitsulo tadzimbiri. Ndinali nditaida nyama ija ndi mtima wanga wonse chifukwa cha mlamu, koma nditaona bala lija mkwiyo unandithera. Inakhala ikuyenda ndi moto m'thupi usana ndi usiku.

Chimanga cha chaka chimenecho tinakolola chochepa, koma Mulungu anatisunga, palibe amene anafa. Mlamu akuyenda, ngakhale motsimphina, ndipo pano amagulitsa nsomba pa Ulongwe. Mwana wanga anabwerera kusukulu teremu yotsatira ndi ndalama za matimati a dimba lomwelo. A gemu aja asanapite anatilangiza kukumba ngalande yakuya kumbali ya kumtsinje, popeza miyendo ya mvuu ndi yaifupi ndipo sikonda kudumpha. Tinakumba mabanja onse a madimba pamodzi, ndipo timaikonzanso mvula ikatha chaka chilichonse. Nambala ya foni ya ku paki ili ndi amfumu, ndipo aliyense woona nyama yabala amakanena tsiku lomwelo.