Masiku 60 amene sindinawawerenge

Ndinagulitsa nyumba ku Manchester mu Julayi 2023, ndipo ndalama zake ndinazimwaza zonse ndisanadzifunse n'komwe ngati boma la Britain linali ndi gawo lake pamenepo. Linali nalo, lalikulu ndithu. Ndine mayi wopita kusukulu, namwino amene ndakalamba ndikuyeza mankhwala osaphonya ngakhale dontho, koma pa ndalama zochuluka kuposa zonse zimene zinadutsapo m'manja mwanga sindinafunse munthu wodziwa ngakhale mmodzi. Alipo Amalawi ena amene anabwerera kumudzi atasiya nyumba kumeneko, ndipo akuyendabe ndi nzeru zomwe ndinkayenda nazo ine.

Ndinapita ku Britain mu 2003, nthawi imene anamwino tinkachoka mwaunyinji m'zipatala za boma. Ndinagwira mashifiti a usiku mpaka miyendo kutupa, ndipo mu 2006 ndinagula kanyumba ka zipinda ziwiri zogona, ka mumdadada wa nyumba zogundana za njerwa zofiira. Ngongole ya ku banki inali ya mtundu uja wolipira chiwongoladzanja chokha mwezi ndi mwezi, mutu wa ngongole uli chikhalire. Tinakhalamo ndi mwana wanga wamkazi mpaka 2014, pamene amayi anga anadwala ndipo ndinabwerera ku Lilongwe kudzawasamalira. Mwana anatsala ku yunivesite, makiyi ndinasiyira ejenti kuti aikemo anthu a lendi.

Pokwera ndege ndinanyamula mfundo ziwiri, ndipo zonse zinali zoona pa nthawiyo. Yoyamba inali yakuti munthu akagulitsa nyumba imene wakhala akukhalamo salipira msonkho wa pa phindu, uja amautcha Capital Gains Tax. Yachiwiri inali yakuti munthu amene anasamukiratu kuchoka ku Britain sankalipira msonkhowu akagulitsa nyumba yake ya kumeneko. Mfundo yachiwiriyi inafa pa 6 Epulo 2015, pamene lamulo linasintha n'kuyamba kukhudzanso okhala kunja. Ine tsiku limenelo ndinali kuno, mutu uli pa matenda a amayi, ndipo palibe chinandifika m'khutu. Kusamva tsikulo si mlandu. Mlandu wanga ndi wakuti kwa zaka zonse zotsatira ndinkalankhula za malamulo a ku Britain motsimikiza, ngati kuti anaima chiimire pa tsiku limene ndinatsazika.

Chimene chinandigoneka tulo ndi pepala la ejenti. Mwezi uliwonse ankadula 20 peresenti pa lendi, atachotsapo zokonzera nyumba, n'kutumiza ku HMRC, bungwe lotolera msonkho kumeneko, monga lamulo limafunira mwini nyumba akakhala kunja. Ndikaona mzere umenewo ndinkadzimva kuti ndine nzika yokhulupirika, yopanda ngongole ndi boma. Sindinkadziwa kuti msonkho wa lendi ndi wina, msonkho wogulitsira nyumba ndi winanso.

Mu 2017 ndinachita china chimene ndinkadzitama nacho. Ndinasandutsa kudenga kukhala chipinda chachitatu kuti lendi ikwere. Mmisiri anandipatsa mitengo iwiri: wokwera ngati ndifuna malisiti, wotsika ngati ndilipira pamanja popanda pepala. Ndinasankha wotsikawo, ndipo ndinauza anzanga kuti mwana wa ku Malawi sapusitsidwa.

Kenaka chiwongoladzanja chinayamba kukwera. Bank of England inachichotsa pa 0.1 peresenti kumapeto kwa 2021 n'kuchikweza pang'onopang'ono mpaka 5.25 peresenti mu Ogasiti 2023. Kwa munthu wa ngongole ngati yanga, lendi yonse inayamba kuthera ku banki. Ndinaganiza zogulitsa, ndipo wogula anapezeka pa mapaundi 200,000.

Loya woyendetsa malondawo ananditumizira mapepala ambirimbiri pa imelo. Ndinawawerengera pafoni, ndili pakhonde, chala chikungothamangira kumunsi kufuna posaina. Mkati mwake munali ndime yonena mosabisa kuti iwo salangiza za msonkho, ndipo ngati ndimakhala kunja kwa Britain ndipeze akauntanti msanga. Ndimeyo ilipo mpaka lero mu imeloyo, ndaibwereza kambirimbiri kufuna poimbira loyayo mlandu, koma palibe. Madzulo omwewo mwana wanga anaimba foni.

"Amayi, nanga za msonkho mwafufuza? Kuntchito wina amati malamulo anasintha kwa anthu okhala kunja."

"Iwe, nyumba imeneyo ndinagula uli kupulayimale. Ndi nyumba yanga yokhalamo. Sailipiritsa msonkho."

"Komatu simukhalamo, amayi."

"Ndiye ukundiphunzitsa za ku UK ineyo?"

Anakhala chete, kenaka anafunsa za agogo ake. Kuti mtima ukhale pansi ndinafunsa pa gulu lathu la WhatsApp la amene tinagwirapo ntchito kunja. Mmodzi anati bola ndili ndi mapepala okhalira ku Britain palibe vuto. Wina anati azungu alibe nthawi yolondola munthu mpaka ku Lilongwe. Ndinasankha mayankho amene anandikomera. Akulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa ndithu, kungoti ndinafunsa kumene ndinkadziwa kuti andivomereza.

Banki itatenga zake, loya ndi ejenti atatenga zawo, ndinatsala ndi mapaundi pafupifupi 100,000. Ndinawatumiza onse kuno n'kuwasintha kukhala makwacha. Ndinagula puloti n'kuyamba kumanga mdadada wa nyumba za lendi. Ndinagulira mchimwene wanga minibasi. Ndinamangitsa chiliza cha bambo athu, ndinalipira fizi ya ana a achemwali anga chaka chonse, ndipo pa tsiku la zopereka zomangira tchalitchi dzina langa analitchula pa chimkuzamawu, amayi n'kuimba nthungululu. Ndinaweramitsa mutu modzichepetsa, mumtima ndikuvina. Masiku 60 amene lamulo limapereka kuti munthu adziwitse HMRC ndi kulipira msonkho, kuwerengera pa tsiku limene malonda atsirizika, anatha ndili pa puloti kuwerenga matumba a simenti.

Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imene inali pa K1,180 inafika pa K1,700. Simenti ndi malata zinakwera, ndalama zinatha nyumba zili pa mawindo. Ndinkadandaula ngati wina aliyense, osadziwa kuti kwa ine nkhaniyi inali ndi mutu wachiwiri.

Kumapeto kwa 2024 mwana wanga ananditumizira chithunzi cha envelopu yakhaki, yokhala ndi kawindo koonetsa dzina langa. Aliyense amene anakhalapo ku Britain amaidziwa envelopu imeneyo. Kalatayo inali yaulemu kwambiri. Inati zolembedwa zikusonyeza kuti ndinagulitsa nyumba, ndipo sanalandire chilichonse kuchokera kwa ine. Malonda a nyumba amalembedwa m'kaundula wa boma wa Land Registry, pamodzi ndi mtengo wake. Panalibe chobisika chilichonse, ndipo sanafunike kubwera ku Lilongwe.

Apa mpamene ndinapeza akauntanti, bambo wofatsa amene tinkalankhulana pa vidiyo. Funso lake loyamba silinali la pasipoti kapena mapepala okhalira. Anafunsa kuti ndinagonamo liti komaliza m'nyumbamo. Anandifotokozera kuti pa msonkho amawerenga kumene munthu akukhaladi ndi masiku amene wakhalako, ndipo kwa munthu wokhala kunja, chaka cha msonkho chimawerengedwa kuti nyumbayo inali yokhalamo pokhapokha ngati wagonamo usiku 90 kapena kuposa m'chakacho. Ine kuyambira 2014 sindinagonemo ngakhale kamodzi.

Kenaka anayamba kulemba, ine ndikuonerera pa kompyuta. Popeza lamulo linayamba mu Epulo 2015, phindu likhoza kuwerengedwa kuchokera pa mtengo umene nyumbayo inali nawo pa 5 Epulo 2015. Ndinalipira katswiri woyerekeza mitengo ya nyumba kuti abwerere m'mbuyo zaka zonsezo, ndipo anapeza mapaundi 118,000. Kuchotsa pamenepo pa 200,000, n'kuchotsanso 5,000 ya loya ndi ejenti wogulitsa, panatsala 77,000. Ndinafunsa za ngongole ya ku banki imene ndinabweza. Anapukusa mutu: ngongole ndi chiwongoladzanja chake sizichepetsa phindu. Ndinafunsa za chipinda chakudenga. Anati chimenecho chikanachotsedwa ndithu, chifukwa n'chowonjezera nyumba osati kungokonza, ndipo anapempha malisiti. Ndinayang'ana kumbali. Mmisiri uja nambala yake inali itasiya kalekale kugwira.

Chifundo chokha chimene ndinapeza n'chakuti miyezi 9 yomaliza sailipiritsa ngati nyumbayo inakhalapo yokhalamo mwini wake. Pa miyezi 99 yochokera mu Epulo 2015, zimenezi zinachotsa 7,000. Anachotsanso 6,000 imene munthu ankaloledwa kupindula popanda msonkho m'chaka chimenecho. Akanakhala malonda a Epulo 2023 asanafike ikanakhala 12,300, ndipo kuyambira Epulo 2024 inatsikanso kufika pa 3,000. Panatsala 64,000. Gawo loyamba analidula 18 peresenti, lotsala 28 peresenti. Msonkho unapitirira mapaundi 14,000.

Pamwamba pake panabwera zindapusa zochedwera kudziwitsa: mapaundi 100 tsiku lomaliza likangodutsa, kenaka 5 peresenti ya msonkhowo miyezi isanu ndi umodzi ikatha, ndi 5 peresenti inanso chaka chikatha. Panalinso chiwongoladzanja chochedwera kulipira, chimene kwa nthawi yaitali chinali pa 7.75 peresenti ndipo chimawerengedwa tsiku ndi tsiku. Kuphatikiza malipiro a akauntanti ndi a katswiri uja, ndinafunika kupeza mapaundi oposa 17,000. Ndinafunsa ngati ndingadandaule kuti sindinkadziwa. Anati ndikhoza kuyesa, koma anandikumbutsa mofatsa za ndime ija ya m'kalata ya loya.

Ngongoleyo inali ya mapaundi, ine m'manja ndili ndi makwacha, ndiponso makwacha ake osanduka kale njerwa. Paundi iliyonse imene ndinaisintha pa mtengo wakale ndinayenera kuigulanso pa mtengo watsopano, ngati ipezeke n'komwe. Ku banki ankandilandira bwino, ndinadzaza mafomu, ndipo yankho linali lodziwika kwa aliyense m'dziko muno: ndalama zakunja zikusowa, dikirani. Kwa mavenda zinalipo, pa mtengo woti ungakomoke, komanso ndi njira yolakwira lamulo, ndipo ndinali nditatopa kale ndi njira zachidule.

Mchimwene wanga anati, "Achemwali, ingozisiyani. Angakupezeni kuno amenewo?" Ndinaliganizira ndithu funsolo, usiku wonse, ndipo sindikunyadira zimenezo. Koma penshoni imene ndinaivutikira ikuchokera komweko, mwana wanga ali komweko, ndipo chiwongoladzanja sichigona. Tinagulitsa minibasi motchipa. Mchimwene wangayo anabwerera ku uganyu woyendetsa galimoto za eni, ndipo mpaka lero moni wake ndi wamfupi. Mdadada uja ndinaugulitsa uli wopanda denga kwa munthu amene anadziwa kuti ndapanikizika, ndipo anagula monga amagulira munthu wopanikizika. Ana a achemwali anga anasamukira kusukulu zotsika mtengo pakati pa chaka.

Makwacha onsewo sakanatha kuwoloka nyanja pa nthawi yake. Amene analipira HMRC ndi mwana wanga. Anali atasunga ndalama kwa zaka zambiri kuti apereke dipoziti ya nyumba yakeyake, akugwira ntchito mpaka Loweruka, akukhala m'chipinda chimodzi m'nyumba yogawana ndi anthu ena. Anazitenga zonse n'kutumiza, kenaka ananditumizira chithunzi cha lisiti ndi mawu akuti, "Zatheka amayi, musadandaule." Sananene kuti ndinakuuzani. Ndikanakonda akananena. Ndikumubwezera pang'onopang'ono pamene banki yandipatsa mpata, koma mitengo ya nyumba kumeneko siyembekezera mayi wa munthu. Akadali m'chipinda chija.

Kwa inu amene muli ndi nyumba ku Britain, zimene ndinagula ndi mtengo wonsewu ndi izi. Ngati mwakhala m'nyumbamo nthawi yonse chiigulireni, kawirikawiri palibe msonkho. Ngati mumakhala ku Britain koma mukugulitsa nyumba ya lendi ndipo pali msonkho woti mulipire, masiku 60 aja akukukhudzani. Ngati mumakhala kunja, muyenera kudziwitsa HMRC m'masiku 60 omwewo ngakhale palibe msonkho uliwonse, ngakhale mwagulitsa moluza. Kuyambira Epulo 2024 gawo lapamwamba linatsika kuchoka pa 28 kufika pa 24 peresenti, ndipo ziwerengerozi zimasinthasintha, choncho musadalire zanga monga ine ndinadalirira za mu 2014. Pezani akauntanti nyumba isanaikidwe pa malonda. Sungani lisiti la chilichonse chimene mwawonjezera pa nyumbayo. Ndalama zikalowa, gawo la msonkho lisiyeni m'mapaundi momwemo, musalisinthe, musalibwereketse, musalonjeze nalo kanthu kutchalitchi kapena kumudzi.

Ndipo wamng'ono kwa inu akakufunsani ngati mwafufuza, muyankheni zoona. Akauntanti akanandilipiritsa mapaundi mazana ochepa chabe mu Julayi 2023, msonkho ndikanaulipira kuchokera pa ndalama zomwe zinali kale mu akaunti, ndipo zotsalazo zikanakhala zangadi. Zimene ndinakana kumva kwaulere kwa mwana wanga, anadzazilipira ndi iye yemwe.