Ana Obadwa Citapita Caka ca 1994



M'caka ca 2016 wojambula wa ku South Africa, Pieter Hugo, anaonetsa zithunzi zace ku Cape Town, m'nyumba ya zithunzi dzina lace Stevenson. Mutu wa cionetseroco unali "1994". Pakuti m'caka cimeneco anthu a mitundu yonse ku South Africa anaponya voti pamodzi koyamba, pa 27 April. M'mwezi womwewo ku Rwanda kunayamba kuphana kwa masiku ngati 100, ndipo anafa anthu oposa 500,000, ambiri a iwo Atutsi. Iye anajambula ana a maiko awiriwa amene anabadwa izi zitapita.

Ife amene tinaziona tinasowa conena. Ana ena agona pa udzu, ena aimirira pakati pa mitengo, ena abvala zobvala zowakulira. Ambiri saseka. Angokupenya m'maso monga apenya mwana amene walonjezedwa kanthu. Iwo sanaona mwazi, kapena mizere ya voti, koma akulira pa nthaka imene akuru anawasiyira.

Cimene cinatilasa mtima ndi ici: zithunzizo ziribe maina. Ciri conse ciri ndi nambala, dziko ndi caka basi. Cifukwa cace nkhope iri yonse inasanduka ya mwana wathu. Kwathu ku Malawi nakonso tinasankha boma la zipani zambiri pa 17 May 1994, ndipo ana obadwa pambuyo pace tinawauza kuti zinthu zidzakoma. Koma ambiri a ife tinacoka kukafuna nchito kutali asanadziwe bwino nkhope zathu.

Tonse tisunga cithunzi ca mwana m'foni kapena pansi pa sutikesi. Tikumbukire, abale, kuti mwana wa m'cithunzi sakula, koma wa kumudzi akula tsiku ndi tsiku. Iye amene timuona ali ndi zaka 4 mwina lero alima yekha munda wa amace. Ndalama tizitumiza ndithu, koma ndalama sizimchula mwana dzina lace.

Cotero sabata lino yense aimbe foni kwao, apemphe kulankhula ndi mwanayo mwini, amfunse za sukulu ndi anzace, nammvere kufikira atatha. Ndipo popemphera Lacitatu madzulo tidzachule ana athu maina, mmodzi mmodzi.

Tsalani mu mtendere.